Mkaka m'Zilankhulo Makumi Anayi

Sparkhill,
Birmingham.
18 Novembala 1997.

Okondedwa achimwene a Wallace,

Ndikanayamba ndi chimwemwe chodzaza tsaya monga munkatiphunzitsira polemba kalata, koma tsaya langa lero ladzaza zina. Komabe mwambo ndi mwambo. Muli bwanji kwathu ku Ntcheu? Alamu a Kate ali bwanji pamodzi ndi ana? Nanga mayi, bondo lija likuwalola kufika kudimba? Mvula yayamba, kapena mukuyang'anabe kumwamba?

Ife kuno tilipo. Kukuzizira moti munthu umaganiza kawiri usanasambe m'manja. Mwana wathu Mwayiwathu wakwanitsa miyezi itatu, ndipo wayamba kumwetulira aliyense, ngakhale anthu osayenera.

Kalata yanu ndalandira. Ndaiwerenga katatu, osati chifukwa chokoma, koma ndimafuna kutsimikiza kuti wailembadi ndi munthu amene amaphunzitsa sayansi ku sekondale.

Mwati ankhoswe mwakhala pansi, inuyo ndi a Rex a ku Linthipe, amalume ake a mwamuna wanga Augustine. Mwati mwana akuonda chifukwa cha tsempho, pakuti bambo ake akuyenda njira zamseri ine ndili ndi khanda m'manja. Mwati pofika Khirisimasi Augustine akhale ataulula, apo ayi ine ndinyamule mwana ndibwere kwathu, banja lithere pomwepo. Mwamaliza ndi mawu akuti mayi asiya kudya.

Achimwene, mlandu wonsewu mwauzenga munthu osamufunsa ngakhale liwu limodzi. Ndiye khalani pansi, vulani magalasi, mupukute, muvalenso. Ndikufotokozerani kuyambira pachiyambi.

Choyamba ndi ntchito ya mlamu wanu. Zaka zitatu mwakhala mukuuza anthu kuti akuphunzira za mkaka, mpaka a Rex kumusungira dambo loti adzawetepo ng'ombe. Augustine ng'ombe amaiopa. Iye amaphunzira mawu.

Kuli banja lalikulu la zilankhulo: Chitchaina, Chitibeti, Chibama, ndi zina mazanamazana za m'mapiri a kumeneko. Akatswiri amati zonsezi zinatuluka m'mimba imodzi, monga mmene Chichewa, Chitumbuka ndi Chizulu zilili pachibale. Koma kholo lawolo silinasiye kalata, silinasiye manda. Olifuna amalifunafuna m'mawu a zidzukulu zake.

Augustine anasankha mawu awiri, bere ndi mkaka. Amati munthu amabwereka kwa alendo dzina la sopo ndi la galimoto, koma dzina la bere la mayi ake sabwereka wamba.

Atibeti bere amati nu-ma. Abama amati no, ndipo liwu lomwelo ndi la mkakanso. Atchaina ali ndi liwu lakuti ru, limene akuti kalekale linkayamba ndi n ngati anzakewo. Mukuona ubale wake? Musafulumire kuomba m'manja. Makanda a dziko lonse lapansi pakamwa pawo pamatuluka nana ndi mama. Tsono kufananaku ndi ubale weniweni, kapena ndi pakamwa pa khanda chabe? Funso limeneli ndi limene lamudya tsitsi lapankhongo mlamu wanu. Si mkazi ayi, ndi funso.

Kagwiridwe kake ka ntchito ndi kamene kamupachika. Iye safunsa m'Chingerezi, akuti ukafunsa m'Chingerezi munthu amakupatsa liwu la kusukulu, osati la kwa agogo ake. Ndiye ali ndi makhadi makumi atatu a zithunzi. Amatulutsa khadi, kuloza, munthu n'kutchula, tepi ikujambula. Pali khadi la kapu ya mkaka, la ng'ombe ikukamidwa, la mayi akuyamwitsa, ndi lina la bere palokha. Anajambula yekha ndi bolopeni. Augustine kujambula sadziwa, koma tsoka ilo, khadi lomalizali linamutheka.

Ngakhale kukhala kwathu ku Sparkhill kuno n'chifukwa cha ntchito yomweyi. Anamva kuti mumsewu wa Stratford muli malo odyera ambiri a chakudya chotchedwa Balti, ndipo m'mabuku mwake Chibalti ndi mphwake wa Chitibeti. Anadya m'malo khumi ndi awiri, tsabola mpaka misozi, osapeza ngakhale munthu mmodzi wolankhula chilankhulocho. Mwini malo wina ataona tepi anamufunsa ngati ndi wa msonkho. Munthu wotere ndi amene mukuti ndi katswiri wa njira zamseri.

Amene anawapeza enieni ndi awa: agogo angapo ochokera ku Hong Kong, akazi a asilikali a ku Nepal amene amakhala cha ku Nuneaton, ndi gogo mmodzi wa ku Burma dzina lake Daw Mya, mayi wake wa dokotala wina wa pachipatala chimene ndimagwirako ntchito. Zilankhulo zimene wasonkhanitsa, za pakamwa ndi za m'mabuku, zakwana makumi anayi.

Tsopano tibwere kwa mboni yanu. Simunaitchule dzina, koma kalata yanu yonse ikununkha mafuta ake. Ndi Beatrice, mkazi wa a Bishop, wapampando wa gulu la Amalawi kuno. Bishop ndi dzina chabe, palibe anawadzoza. Beatrice ali ndi digiri yachiwiri ya zaumoyo wa anthu. Musaiwale zimenezi pamene mukuwerenga zotsatirazi.

Umboni wake woyamba ndi khadi. Tsiku lina kumapemphero, tili pakati pa nyimbo, Augustine anatsegula buku la nyimbo ndipo khadi lija, lothekali, linagwa chagada pamapazi pa Beatrice. Analitola ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Sanalibweze.

Umboni wachiwiri ndi wa ku Nuneaton. Anamuona akutuluka m'nyumba ina masana, mayi wachitsikana wa ku Nepal akumuperekeza pakhomo uku akuseka. Sanaone apongozi ake a mayiyo amene anali m'nyumbamo, sanaone ana atatu, sanaone tepi. Anaona kuseka.

Umboni wachitatu ndi mwana. Pamenepa sindikana, Mwayiwathu anaondadi. Khosi linali ngati la mwanapiye, khungu la m'mikono lochita makwinya, kulira kwake kosamveka kuchipinda.

Beatrice anaphatikiza zitatuzi n'kupeza yankho. Loweruka lina tinaitanidwa kufulati yawo ku Nechells, nsanjika yachisanu ndi chinayi, akuti kukamwa tiyi. Titalowa tinapeza mipando yaikidwa moyang'anizana, ndipo tiyi panalibe.

Achimwene, ndinawerenga. M'chipinda chimenecho munali madigiri khumi ndi limodzi. Munali wowerengera chuma, munali injiniya, munali anamwino awiri, munali wina amene akulemba buku la za ufulu wa amayi. Onsewa anakhala pansi kuzenga mlandu wa tsempho, hita ikuwomba.

A Bishop anatsegula ndi pemphero, kenaka anati nkhaniyi ndi ya pabanja ndipo isatuluke pakhomo. Patatha masiku khumi inali itafika ku Ntcheu. Khomo lawo ndi lalikulu.

Beatrice anaika khadi patebulo, nafunsa Augustine kuti limeneli ndi bere la ndani. Iye anayankha kuti si la munthu aliyense, ndi la sayansi. Mayi wina wa ku Chipata anati sayansi ya masiku ano yanenepa bwino.

Anamufunsa chimene amakachita m'nyumba za akazi a eni amuna awo ali kuntchito. Iye anati amuna akakhalapo amayankhira akazi awo, ndipo amayankha zolakwika. Amayi onse anagwedeza mutu kuvomereza, kenaka anakumbukira mbali imene ali, n'kusiya.

Ndiye mlamu wanu, mwa nzeru zake zonse, anatulutsa tepi kuti adziyeretse. Anaika kaseti ya ku Nuneaton. Munamveka mawu ake akufunsa mofatsa kuti nanga ichi mumati chiyani, kenaka akazi atatu kuphulika ndi phwete. A Bishop anati zimitsani, tamva zokwanira.

Sanagonje. Anatenga envulopu n'kuyamba kulemba kumbuyo kwake mmene n amasandukira r pakapita zaka zikwi ziwiri. Analankhula mphindi makumi awiri. Munthu akuzengedwa mlandu wa chigololo, iye akuphunzitsa kalasi. Beatrice anamudula nati, achimwene, ife sitikufuna lekichala, mwanayu akutha, yankhani kuti inde kapena ayi.

Augustine anati ayi. Beatrice anati ndiye mwana akuonderanji? Augustine anandiyang'ana kamodzi kokha, kenaka anayang'ana pansi. Anati sakudziwa.

Chigamulo chinali chakuti asapitenso ku Nuneaton, asanyamule mwana kufikira ataulula, ndipo akumudzi adziwitsidwe. Pomaliza anandifunsa ine ngati ndili ndi mawu. Ndinati ndilibe.

Apa ndiye pamene kalata ino ikuvuta kulemba. Ndadzuka kawiri kukaika ketulo pamoto popanda chifukwa.

Achimwene, mawu ndinali nawo. Ndinali nawo m'chikwama changa, pansi pa matewera, atakulungidwa m'thawulo. Linali botolo la mkaka wa m'chitini.

Pobereka Mwayiwathu ndinataya magazi ambiri. Sindinakuuzeni poopa kuti mayi angade nkhawa. Madokotala anandichenjeza kuti zikatere nthawi zina mkaka umabwera wochepa, kapena osabwera n'komwe. Ndinawaseka. Ndinati sakudziwa amene akulankhula naye.

Inu mukudziwa amene ankalankhula naye. Ndi Deborah yemwe uja anazungulira masikelo onse a m'boma la Ntcheu pa njinga yamoto, kuphunzitsa amayi kuti mwana ayamwe bere lokha. Ndi yemwe uja ankalanda mabotolo n'kuwaika m'katoni ngati mfuti zolanda kwa achifwamba. Kwa Kasinje ndinauza mayi wina, pamaso pa anzake onse, kuti palibe bere louma, pali mayi waulesi basi. Mayi ake enieni a Deborah ameneyu amadzitama mpaka lero kuti anayamwitsa ana asanu ndi atatu, ndi wachisanu ndi chinayi wa mlongo wawo.

Ndiye milungu isanu ndi umodzi ndinakakamira. Mwana pabere usana wonse. Ndinamwa phala, ndinamwa thobwa lopanga ndekha la ufa wogula kwa Amwenye, ndinatafuna chinangwa chouma chimene ndinachisaka mzinda wonse. Namwino woyendera makanda m'makomo ankabwera ndi sikelo yake, kuyeza, kundiyang'ana, n'kunena kuti tiganizire zoonjezera. Ndinkamuyankha ndi Chingerezi cha digiri mpaka ankatuluka akupepesa.

Amene anandigonjetsa ndi gogo wosadziwa ngakhale liwu limodzi la Chingerezi.

Daw Mya anali atakana kutchula mawu a bere ndi mkaka pamaso pa mwamuna. Makhadi aja atawaona anaphimba kumaso ndi nsalu. Ndiye Augustine anandipempha kuti ndimuperekeze ndi mwana, kuti ine ndikamayamwitsa gogoyo azingotchula zimene akuona, iye ali kukhonde, tepi ili patebulo. Mwana wake wamkazi, dokotala uja, ndiye ankamasulira. Inde, achimwene, ndinasanduka khadi la makumi atatu ndi limodzi.

Zinayenda bwino poyamba. Anatchula bere, anatchula nsonga yake, anatchula kuyamwa. Titafika pa liwu la kumeza, gogo uja sanalitchule. Anasendera pafupi, n'kuika khutu lake pakhosi pa mwana. Anamvetsera nthawi yaitali. Kenaka analankhula mawu ochepa, mwana wake n'kuzengereza kumasulira.

Ndinati masulirani. Anati mayi akuti sangatchule kumeza, pakuti sakuona kumeza. Mwanayu akuyamwa, koma sakumeza kanthu.

Ndinayamba kufotokoza za kafukufuku. Gogo uja sanadikire kumasulira. Anandigwira bere ngati mmene mayi amagwirira papaya pamsika, anafinya, n'kundionetsa chala chake. Kadontho kamodzi, kosakwana kunyowetsa sitampa. Kenaka anandisisita kumsana n'kunena kuti iyenso zinamuchitikira pa mwana wachiwiri, ndipo mwana wachiwiriyo ndi uyu akumasulirayu.

Ndinalira ngati pamaliro. Tsiku lomwelo Mwayiwathu anamwa botolo lake loyamba, m'manja mwa dokotala, ndipo anamwa ngati munthu wochokera kundende. Ndinamva kumeza kumene gogo ankanena. Kumamveka, achimwene. Milungu isanu ndi umodzi ndinali ndisanakumvepo, ine mphunzitsi wa amayi.

Zimenezi zinachitika Lachitatu. Bwalo la ku Nechells linali Loweruka lotsatira. Werengani nokha masiku.

Augustine ankadziwa zonse. Tepi inajambula chilichonse, kulira kwanga komwe, ndipo iye anakhala nayo masiku awiri akulemba liwu ndi liwu monga amachitira. Pobwerera ndinamulumbiritsa kuti asauze munthu, makamaka Amalawi, makamaka akumudzi. Ndinati ndipatse nthawi, mwina mkaka ubwera. Analonjeza.

Ndiye pamene ankamufunsa kuti mwana akuonderanji, kaseti ya Daw Mya inali m'thumba la jekete lake. Akanangoiika, mlandu ukanathera pomwepo. Iye anaika ya akazi oseka ija. Ine ndinakhala pampando ngati mlendo wolemekezeka, ndikumuonerera akumira, botolo lili pamiyendo panga. Mwana atalira ndinapempha kupita kubafa. Ndinamumwetsa nditakhala m'mphepete mwa bafa la Beatrice, madzi ndikuwatsegula kuti asamve.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuchita zomwezo. Kutchalitchi ndimafunda nsalu, mwana kunsi, anthu n'kumati onani mayi wa chitsanzo. Zitini zotha ndimakataya kubini ya anthu ena. Ndipo Mwayiwathu akunenepa. Masaya abwera, m'mikono mwayamba mapindi. Beatrice akuuza aliyense kuti taonani, chiletsereni bamboyo kupita ku Nuneaton mwana wachira. Umboni wachinayi.

Mukhoza kundinena mmene mungafunire, ndavomera. Koma mkwiyo wanga sunathe, pakuti chitsiru chachikulu pa nkhaniyi sindinachitchule.

Kalata yanu itafika ndinamuwerengera Augustine. Anamvetsera mpaka pa mawu akuti mayi asiya kudya. Dzulo m'mawa anatuluka, akuti akupita kulaibulale. Pobwera masana anaika chikwama pansi, anasamba m'manja, n'kundiuza ngati akunena za nyengo kuti nkhani ija yatha. Walembera a Rex kalata youlula. Waponya kale.

Ndinati kuulula chiyani? Anati chigololo. Ndinati ndi ndani? Anati sanatchule dzina, kuopa kuipitsa munthu wosalakwa, anangolemba kuti ndi mayi wina wa ku Coventry. Achimwene, munthuyu ku Coventry sanapondeko chibadwire.

Ndinamufunsa ngati wapenga. Iye anakhala pansi n'kundiyalira mfundo zake ndi zala, ngati ali pamaso pa mapulofesa.

Anati mwamuna akaulula zimatha msanga. Amukalipira, apereka nkhuku, atumiza mizu ya mwana, ife tiitaya, mayi ayambanso kudya. Anati kwathu kuja amati mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, ndipo pakatha chaka a Rex omwewo azidzamutsinzinira diso pamowa. Koma mkazi wouma bere, anatero, samuiwala. Adzakunena pamtondo, adzakunena pamaliro, adzanena kuti sukulu yamuumitsa, ndipo mayi aja a kwa Kasinje adzamva. Anati wayeza mbali zonse ziwiri, ndipo bodza lake ndi lotsika mtengo kuposa choonadi changa.

Ndinamugenda ndi thewera. Loyera, koma ndinalakalaka likanakhala lina.

Chimene chikundiwawa n'chakuti masamu ake ndi olondola. Inu nomwe, achimwene, nenani zoona. Kalata yakeyo ikanafika, simukanapuma mpweya wabwino? Simukanati basi, mwamuna wavomera, mlongo wathu apirire, banja ndi kupirira? Munali okonzeka kuthetsa banja langa chifukwa munthu akukana tchimo limene sanachite, ndipo mukanalisunga mokondwa atavomera kuti ndi wachiwerewere. Mwambo wake ndi umenewu? Wosalakwa achoke, wachigololo akhale?

Ndipo iyeyo anandifunsa ine? Anaganiza kuti ndingasankhe kukhala mkazi wa wachigololo moyo wanga wonse, amayi akundimvera chisoni kumpanda, kusiyana ndi kukhala mayi wa botolo? Anaganiza za Mwayiwathu, amene tsiku lina adzamva kwa asuweni ake kuti bambo ako anatsala pang'ono kukupha uli khanda chifukwa cha mkazi wa ku Coventry? Munthu wodziwa dzina la mkaka m'zilankhulo makumi anayi analephera kufunsa mkazi wake funso limodzi m'Chichewa.

Ndinathamangira kubokosi la makalata pakona, mwana kumsana, patapata kumapazi, kuzizira konseku. Ndinapeza a positi atatenga kale. Bambo wa sitolo ya nyuzipepala anandifunsa ngati ndataya chinthu. Ndinati eya, mwamuna.

Lero m'mawa ndaimbira Beatrice telefoni. Ndamuuza zonse, magazi, gogo, botolo, bafa lake. Iye anati, aa, Deborah, nanga osanena bwanji? Anga onse awiri anakulira botolo lomwelo, ine shifiti inkandilola kuyamwitsa ngati? Anandifunsanso mtundu wa mkaka umene ndikugula, akuti pali wina wabwino kuposa.

Achimwene, ndinayang'ana telefoni ija nthawi yaitali. Mayi ameneyu anakhala pabwalo maola atatu akufunsa chimene chingaondetse khanda, ndipo sizinamufikire m'mutu kuti afunse ngati likukhuta. Ndamuuza kuti Lamulungu likudzali aimirire pamaso pa gulu lonse anene zimene wandiuzazi, ndipo abweze khadi la mwini wake. Wati aona. Ndati ndikhala kutsogolo ndi botolo m'manja kumuthandiza kuona.

Tsopano pempho langa, ndipo ndikugwada polemba, ngakhale simukundiona.

Kalata ino sindikuponya. Ndikupatsira Helen, mnzanga wa kuntchito, amene akukwera ndege Lachinayi kupita kumaliro a bambo ake ku Balaka. Adzakusiyirani pasukulu Loweruka. Ya Augustine ili m'njira ya positi, ndipo mmene ndimaidziwira positi ya ku Linthipe, muli ndi mlungu umodzi, mwina iwiri.

Mukangowerenga, kwerani basi. Musadikire malipiro, musadikire kutsekera sukulu. Kafikeni kwa a Rex isanafike kalatayo. Kawauzeni kuti kukubwera envulopu ya buluu yochokera kwa Augustine, ndipo zimene zili m'katimo ndi bodza lochokera pa chikondi ndi uchitsiru, theka ndi theka. Aitenthe osatsegula. Ndikudziwa kuti a Rex sangathe kutentha kalata osaiwerenga, ndiye akawerenga aitenthebe, asaitengere kwa azakhali ake a Augustine, pakuti ikakafika kumeneko ngakhale wailesi siingaibweze.

Mukapeza yafika kale ndipo anthu amva, musachite manyazi. Itanitsani onse amene amva, muimirire, muwawerengere kalata inoyi kuyambira pamene pali botolo. Musadumphe mzere, ngakhale wa kwa Kasinje.

Mutenge nkhuku popita. Osati yokalandira, yokapereka. Olakwa ndi a kuchikazi. Ndife tinanyoza mwana wa eni, inu ndi kalata, ine ndi kukhala chete. Musankhe tambala wooneka, osati zija mumapatsa alendo a sukulu.

Za Khirisimasi iwalani. Sindikubwera, ndipo palibe amene akuulula kanthu kuposa zimene ndaulula inezi. Mizu musatumize. Ngati manja akukuyabwani kutumiza kanthu, tumizani chitenje, mwanayu wayamba kulemera.

Kwatsala mayi. Musawafotokozere m'mawu anu, mumatalikitsa. Mukhale nawo pakhonde, alamu a Kate ali pomwepo, muwawerengere ndime iyi pang'onopang'ono.

Mayi, ndine Deborah. Mwana wanu wamkazi alibe mkaka. Ndinayesa zonse zimene munandiphunzitsa, sizinatheke, ndipo si chifukwa cha munthu aliyense. Ndinaopa kukuuzani, ndiye ndinalola kuti mkamwini wanu anyozedwe m'malo mwanga. Mdzukulu wanu akumwa wa m'chitini ndipo akukhuta. Dzulo pasikelo anakwana makilo asanu ndi theka. Ngati mukufuna kukwiya, kwiyirani ine, koma mukwiye mutadya.

Moni kwa alamu a Kate ndi ana onse mmodzimmodzi. Moni kwa azakhali a ku Bawi, ndi kwa a Rex mukakafika, muwauze kuti dambo lija alimemo mpunga. Mukadzadutsa kwa Kasinje, mufunse za mayi uja ndinamunena za ulesi, amene mwana wake anabadwa chaka cha chilala chija, anali ndi mpata kumano. Dzina sindinamufunse n'komwe. Mukamupeza mundilembere, ndili naye mawu.

Augustine akupereka moni. Wakhala apa wanyamula mwana, chigamulo cha ku Nechells chili apo, ndipo wandipempha kuti ndichotse mawu akuti chitsiru. Ndakana.

Mulungu akusungeni, akupatseni mvula yabwino ndi basi yosafa panjira.

Ndine mlongo wanu,
Deborah.